Kafue, Tawuni Imene Imamwetsa Likulu

Wochoka ku Lusaka kulowera kummwera amadutsa Chilanga, nalipira pa geti ya Shimabala, kenaka msewu umayamba kutsetsereka pakati pa timapiri. Pakatha makilomita pafupifupi 45 wafika pa Kafue. Ambiri saima. Woyendetsa thiraki maganizo ake amakhala ali kale pa malire a Chirundu, ndipo a m'basi ya ku Livingstone amakhala akuwerengera maola amene atsala. Amaona masitolo a m'mbali mwa msewu, machumuni a mafakitale chapatali ndi amayi ogulitsa nsomba, basi awoloka mlatho. Nangongwe, Shikoswe, Zambia Compound ndi Kafue Estates, kumene eni tawuni amagona ndi kudzuka, wapaulendo sakudziwa.

M'mabuku a boma, Kafue ndi limodzi mwa maboma a m'chigawo cha Lusaka, ndipo kalembera wa 2022 anapeza anthu opitirira 200,000 m'boma lonseli. Likulu la chigawo ndi mzinda wa Lusaka, womwenso ndi likulu la dziko la Zambia. Koma ine ndimati wofuna kumvetsa mbiri ya Lusaka ayambire pa Kafue, chifukwa Lusaka ndi mzinda wopanda mtsinje waukulu. Unamangidwa pamtunda wa miyala ya laimu, mamita pafupifupi 1,280 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo madzi amene uli nawo pawokha ndi a pansi pa nthaka, otungidwa m'mijigo ndi m'zitsime. Kafue ili m'munsi ndi mamita pafupifupi 300. Madzi amapopedwa mumtsinje, nayeretsedwa pa Iolanda, nakwezedwa m'mapaipi mtunda wonsewo kuti akatuluke m'mipopi ya mumzinda. Magetsi ambiri amene amayatsa Lusaka amachokera kumathithi a mtsinje womwewu, kumunsi pang'ono kwa tawuni. Likulu limamwa Kafue, limawalira Kafue, koma silimutchula kawirikawiri.

Mtsinje wa Kafue ndi wautali kuposa mitsinje yonse imene imayambira ndi kuthera m'Zambia momwemo, makilomita pafupifupi 1,600. Umayambira kumpoto, kufupi ndi malire a Congo, nudutsa m'dera la migodi ya mkuwa cha ku Chingola ndi Kitwe. Ukachoka kumeneko umalambalala dambo la Lukanga, nulowa m'nkhalango yosungira nyama ya Kafue National Park, mpaka kufika pa Itezhi-Tezhi, pamene umakhotera kummawa. Apa m'pamene umasintha khalidwe. Umalowa m'chidambo chachikulu chotchedwa Kafue Flats, chotalika makilomita opitirira 200, chosalala moti madzi amachita kukwawa, ndipo amatha milungu yambiri kuti achoke mbali ina kufika mbali ina. Nthawi ya dzinja amasefukira ndi kumiza udzu, chilimwe akaphwa amasiya msipu wobiriwira. Msipu umenewu ndiwo unalemeretsa Aila ndi Atonga ndi ng'ombe, ndipo ndi kwawo kwa nyama ya mtundu wa mphoyo yotchedwa lechwe ya ku Kafue, imene sipezeka kwina kulikonse kunja kwa chidambochi. Mzimbe za ku Nakambala, ku Mazabuka, zimathiriridwa ndi madzi omwewa.

Kummawa kwa chidambo mapiri amayandikana ndipo mtsinje umapanikizika. Ukangopitirira tawuni umalowa m'phompho la Kafue Gorge, mmene umatsika mamita opitirira 500 pa mtunda waufupi, kenaka n'kukathira mu Zambezi kumunsi kwa Chirundu. Tawuni ya Kafue yakhala ndendende pakati pa ziwirizi, pamene dambo lathera koma phompho lisanayambe. Kumadzulo kwake nthaka ndi yamatope ndipo madzi amatambalala makilomita ambiri, kummawa kwake kuli zigwembe ndi matanthwe. Aliyense wofuna kudutsitsa njanji kapena msewu kuchoka kummwera kupita kumpoto sakanachitira mwina koma kuwolokera pano. Aku Malawi amvetsa msanga akakumbukira Shire: pa Liwonde madzi amayenda mwaulesi, koma akafika pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira amagwa mwaukali, ndipo pamenepo m'pamene panaikidwa makina a magetsi.

Azungu asanabwere, dera lino linali pokumanira mitundu. Kumpoto kwa mtsinje ndi dziko la Asoli, amene mfumu yawo yaikulu lero ndi Nkomeshya Mukamambo II, ndipo mwambo wawo wopempha mvula wa Chakwela Makumbi umachitikira ku Chongwe. Kutsidya, kumene tsopano ndi chigawo cha Kummwera, ndi kwa Atonga. M'chidambo munali Atwa, anthu a m'madzi okhala pa zilumba ndi m'mabango, odziwa bwato ndi mono. Kumunsi, m'chigwa cha Zambezi, kuli Agoba a kwa Chiawa, dera lomwe lilinso m'boma la Kafue. David Livingstone anadutsa muno mu Disembala 1855 pa ulendo wake wopita ku Quelimane, ndipo mapiri a Munali, amene msewu wa ku Mazabuka umakwera, anatenga dzina lomwe anthu ankamutchula nalo. Panali midzi, madooko ndi njira za malonda, koma tawuni panalibe.

Tawuni inabwera ndi njanji. Mlatho wa pa Victoria Falls utatha mu 1905, kampani ya George Pauling inathamangitsa njanji kulowera ku mgodi wa Broken Hill, kumene lero ndi Kabwe, ndipo mu 1906 inamanga mlatho wa pa Kafue. Ndi wa zigawo 13 zachitsulo, wautali mamita opitirira 400, ndipo pa nthawiyo unali wautali kuposa milatho yonse ya pa njanji imeneyi. Uliko mpaka lero, sitima zikuwolokabe. Mabuku amasunga dzina la Pauling, koma amene anasenza miyala ndi kuima m'madzi a ng'ona anali anthu akuda mazanamazana, olembedwa ntchito kuti apeze ya msonkho, ndipo maina awo palibe anawalemba. Sitima za nthunzi zinkafuna madzi ndi nkhuni, choncho pa Kafue panakhala siteshoni, kenaka masitolo, kenaka nyumba za antchito. Pa nthawi yomweyo Lusaka anali kasiteshoni kopatukirapo sitima, kotchedwa dzina la nyakwawa ya mudzi wapafupi.

Alimi achizungu anatenga minda m'mbali mwa njanji, ndipo kwa zaka zambiri chionetsero chachikulu cha zaulimi cha dziko la Northern Rhodesia chinkachitikira pa Kafue. Mu 1925 mwana wa mfumu ya ku Britain, amene pambuyo pake anadzakhala Edward VIII, anafika kudzachiona. Chionetserocho chinadzasamukira ku Lusaka, ndipo ndicho chija chimadzaza mzinda chaka chilichonse kumayambiriro kwa Ogasiti. Chimene chinatsala pa Kafue, ndipo chaphindu kuposa chionetsero, ndi sukulu. Amishoni a mpingo wa Primitive Methodist, motsogozedwa ndi mbusa John Fell, anatsegula Kafue Training Institute cha m'ma 1918 kuti aziphunzitsa aphunzitsi, alaliki, amisiri ndi alimi. Mmodzi mwa ana amene anaphunzira pamenepa ndi Harry Mwaanga Nkumbula, mnyamata wa ku Maala kwa Aila, amene mu 1951 anakhala mtsogoleri wa chipani cha African National Congress nalimbana kwambiri ndi chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Sukuluyo lero ndi Kafue Boys Secondary School ya mpingo wa United Church of Zambia.

Boma la atsamunda litaona kuti tawuni ya Livingstone, imene inali likulu, ili kumapeto kwa dziko ndiponso ndi yotentha, linafuna likulu lina. Katswiri wokonza mizinda, Stanley Adshead, anayendera malo, ndipo mu 1931 Lusaka anasankhidwa chifukwa cha kukwera kwake, mphepo yake ndi kukhala kwake pakati. Boma linasamuka mu 1935. Kafue inali ndi madzi ochuluka, koma madziwo anali ndi udzudzu, ndipo atsamunda ankaopa malungo kuposa ludzu. Kuyambira chaka chimenecho tsogolo la tawuniyi linamangirizidwa ku mzinda wa kumtunda. Ngakhale mlatho wa galimoto unachedwa: unabwera mu 1949, ndipo unali wogwirapo kale ntchito. Unamangidwa koyamba pa mtsinje wa Thames ku London pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ngati wodikirira kuti mabomba akagumula ina anthu aziwolokerapo. Nkhondo itatha, a Beit Trust anaugula, nauphwasula, naubweretsa pa Kafue. Unagwira ntchito mpaka 1993, pamene mlatho watsopano unamangidwa ndi thandizo la dziko la Japan.

Zaka zimene akuluakulu a pa Kafue amazikumbukira ndi mtima wonse zinayamba ndi mavuto. Zambia italandira ufulu pa 24 Okutobala 1964, chaka chotsatira, pa 11 Novembala 1965, mtsogoleri wa Rhodesia, Ian Smith, analengeza kuti dzikolo ladzipatula ku Britain. Pulezidenti wa Zambia, Kenneth Kaunda, anapezeka kuti dziko lake lagwidwa pakhosi. Malasha ankachokera ku Wankie, m'Rhodesia momwemo, katundu ankadutsa m'njanji ya Rhodesia, ndipo makina a magetsi a Kariba anali kutsidya la kummwera, m'manja mwa Smith. Migodi ya mkuwa ikanatha kuzimitsidwa ndi munthu mmodzi. Yankho linali phompho la Kafue. Kampani ya Energoprojekt ya ku Yugoslavia, dziko la Tito amene anali bwenzi la Kaunda, inayamba ntchito chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndipo magetsi anayamba kutuluka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Makinawo ali pansi pa phiri, madzi amawafikira kudzera mu ngalande yoboola m'thanthwe, ndipo anafika popanga mamegawati 900, kenaka 990 atakonzedwanso. Popeza damu la pa phompho ndi laling'ono, linamangidwa lina lalikulu ku Itezhi-Tezhi, lomwe linatha cha m'ma 1977, kuti lizisunga madzi a dzinja ndi kuwatulutsa pang'onopang'ono. Chifukwa cha damu la pa phompho, mlatho wa ku London uja anachita kuukweza.

Boma lomwelo linaganiza kuti Kafue ikhale tawuni ya mafakitale. Zifukwa zinali zomveka: madzi alipo, magetsi ali pakhomo, njanji ndi msewu zikudutsa, malasha a ku Maamba akhoza kubwera pa sitima, ndipo msika wa Lusaka uli pafupi. Bungwe la boma la INDECO, lomwe linakula kwambiri Kaunda atalengeza ku Mulungushi mu Epulo 1968 kuti boma litenga gawo lalikulu m'makampani, ndilo linatsogolera. Kampani ya Kobe Steel ya ku Japan inamanga fakitale ya Nitrogen Chemicals of Zambia, imene inatsegulidwa mu 1970. Inkasandutsa malasha, madzi ndi mpweya kukhala mankhwala amene mbali ina ankapangira zophulitsira miyala m'migodi, mbali ina feteleza wa alimi. Kafue Textiles of Zambia inkagula thonje la alimi a m'dzikomo n'kuomba nsalu, ndipo zitenje zake zinavalidwa m'maukwati, m'maliro ndi m'misonkhano ya chipani m'dziko lonse. Panali fakitale yofufuta zikopa ya Bata ndi ina yopanga yisiti. Kuti antchito apeze pogona, boma linaitana kampani ya Constantinos Doxiadis, Mgiriki amene anakonza mzinda wa Islamabad ku Pakistan, kuti ijambule tawuni yatsopano. Kafue Estates inabadwa motero, ndi misewu yowongoka, nyumba za mizeremizere, madzi a m'nyumba ndi magetsi.

Anthu anakhamukirako kuchokera kulikonse: Abemba a ku migodi, Alozi, Atonga a kutsidya, Achewa, Angoni ndi Ansenga a ku Chipata, Katete ndi Petauke, komanso ana a anthu a ku Nyasaland amene makolo awo anabwera kale kudzagwira ntchito m'mafamu ndi pa njanji. Pamsika ndi m'minibasi chinenero chogwirizanitsa onsewa chinakhala Chinyanja, monga ku Lusaka. Mapulani a Doxiadis sanakwanire aliyense, ndipo sakanakwanira. Amene analibe nyumba ya kampani anakhala m'makomboni ena, ndipo Nangongwe, ndi sukulu yake ya pulayimale ndi kiliniki yake, ndi imodzi mwa malo amene anasenza unyinjiwo. Mpaka lero Kafue imaoneka ngati matawuni awiri olumikizidwa ndi msewu: yakale ya pa siteshoni ndi yatsopano ya ku Estates.

Kugwa kwake sikunabwere tsiku limodzi. Mafuta anakwera mtengo mu 1973, mkuwa unatsika mu 1975, ndipo ndalama zakunja zogulira zipangizo zokonzera makina zinayamba kusowa. Fakitale ya feteleza inakulitsidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, koma kupanga feteleza kuchokera ku malasha kunali kodula, ndipo makina ankaima kawirikawiri. Frederick Chiluba atapambana chisankho cha 1991, boma linatsegula malire a malonda ndi kuyamba kugulitsa makampani ake, motsatira uphungu wa IMF ndi Banki Yaikulu ya Dziko Lonse. Salaula, yemwe ku Malawi amati kaunjika, anadzaza misika, ndipo nsalu zotchipa za ku Asia zinalowa mosaletseka. Kafue Textiles inapirira kwa kanthawi koma m'zaka za m'ma 2000 makina ake anakhala chete, ndipo antchito ake anadikira zaka zambiri kuti alandire ndalama zawo zopumira. Nitrogen Chemicals inatsalabe m'manja mwa boma, koma inachepa mphamvu, n'kudalira kwambiri maoda a feteleza wa makuponi.

Sindikunena kuti mafakitalewo akanatha kupitirira mmene analili. Ena ankadya ndalama zoposa zimene ankabweretsa, ndipo aliyense woona mtima amavomereza. Chimene chimandipweteka ndi liwiro lake, ndi kusowa kwa chokonzera anthu. Tawuni yonse inamangidwa pa malipiro a mwezi ndi mwezi a makampani awiri kapena atatu. Malipirowo atasiya, wogulitsa tomato pamsika wa ku Nangongwe anasowa wogula, telala anasowa wosoketsa, khonsolo inasowa wokhoma msonkho, mapaipi a zimbudzi akaphulika panalibe wokonza. Mabanja ambiri anatsala ndi nyumba zokha, zija boma linagulitsa kwa okhalamo kuyambira 1996, koma nyumba siiphikidwa. Amisiri odziwa makina a ku Japan ndi ku Germany anakalowa m'minda ya chimanga ndi m'mabwato. Amene anasankha kuti Kafue ikhale ya mafakitale anali ku Lusaka, ndipo amene anasankha kuti mafakitalewo asiyidwe analinso ku Lusaka ndi ku Washington. Anthu a pa Kafue sanafunsidwe ulendo woyamba, sanafunsidwenso wachiwiri.

Lero tawuni yadzukako. Fakitale ya zitsulo ya Universal Mining and Chemical Industries, ya gulu la Trade Kings, imasungunula zitsulo zakutha ndi kupanga zomangira nyumba, ndipo yalemba anthu ambiri ntchito. M'mbali mwa mtsinje muli maiwe oweta nsomba ndi malo ogona alendo. Chifukwa lendi ku Lusaka ndi yokwera, ambiri amagona pa Kafue n'kulawirira m'bandakucha pa minibasi kukagwira ntchito mumzinda. Ndipo pali mpira. Timu ya Kafue Celtic ndiyo inanola Patson Daka, mwana wokulira pa Kafue, amene bambo ake ankasewera mu Nitrogen Stars, timu ya fakitale ya feteleza ija. Daka anali m'gulu limene linatenga chikho cha Africa cha osapitirira zaka 20 mu 2017, napita ku Red Bull Salzburg, kenaka ku Leicester City mu 2021, kumene chaka chomwecho anamwetsa zigoli zinayi m'masewero amodzi ku Moscow. Enock Mwepu nayenso anadutsira pa Kafue Celtic. Anyamata amene amathamangitsa mpira m'mabwalo a fumbi a ku Nangongwe amadziwa maina awiriwa bwino kuposa la Doxiadis, ndipo ali ndi chifukwa.

Nkhani yaikulu imene yatsala ndi ya mtsinje weniweniwo. Madamu awiri aja anasintha kayendedwe ka madzi m'chidambo: malo ena amene ankauma chilimwe tsopano amakhala omira chaka chonse, ena amene ankamira saonanso chigumula, ndipo msipu wa ng'ombe ndi lechwe wachepa. Zitsamba zaminga zachilendo za Mimosa pigra zalanda malo ena odyetsera. Namasupuni, yemwe amavutitsanso pa Shire, amakula msanga m'madzi olandira zotsalira za feteleza ndi zonyansa za m'matawuni, natseka madooko ndi kuopseza makina a magetsi. Nkhanu zachilendo za ku Australia, zimene zinathawa m'maiwe oweta, zimadya nsomba zokodwa muukonde msodzi asanavuule. Mu 2023 siteshoni yachiwiri, Kafue Gorge Lower, ya mamegawati 750, yomangidwa ndi kampani ya Sinohydro, inatsegulidwa yonse, koma chilala cha 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi tsoka la dziko pa 29 Febuluwale, chinaonetsa kuti makina alibe ntchito popanda madzi. Malaiti ankazima pafupifupi tsiku lonse, pa Kafue pomwe, ngakhale kuti nthambo zazikulu zonyamula magetsi zimadutsa m'boma lomweli.

Madandaulo a madzi a m'mipopi nawonso sasowa m'makomboni a tawuniyi, ndipo izi n'zovuta kuzimeza kwa munthu amene akuona mtsinje ndi maso ake, akudziwanso kuti mapaipi akuluakulu akukwera nawo madziwo ku Lusaka. Ndikuona kuti pokonza ntchito iliyonse yatsopano yopopera madzi kupita ku likulu, mipopi ndi zimbudzi za ku Nangongwe, Zambia Compound ndi Shikoswe ziyenera kulowa m'bajeti yomweyo, osati kudikira ina.

Pa 18 Febuluwale 2025, damu losungira zinyalala za mgodi wa Sino-Metals Leach Zambia ku Chambishi linagumuka, ndipo madzi a asidi okwana malita pafupifupi 50 miliyoni, malinga ndi chiwerengero choyamba, analowa mu Mwambashi, mtsinje wothira mu Kafue. Nsomba zinafa, mbewu za m'mbali mwa mtsinje zinapsa, mzinda wa Kitwe unatsekeredwa madzi, ndipo ndege za asilikali zinathira laimu mumtsinje kuti asidiyo achepe mphamvu. Chambishi ili kutali kwambiri ndi tawuni ya Kafue ukatsata mtsinje, ndipo pakati pali damu la Itezhi-Tezhi ndi chidambo chonse chija. Komabe zitsulo zolemera sizisungunuka n'kutha. Zimakhazikika m'matope ndipo zimayenda pang'onopang'ono ndi chigumula cha chaka ndi chaka. Asodzi a pa dooko la Kafue, amayi ogulitsa nsomba pamsewu ndi mabanja a ku Lusaka amene amamwa madzi a pa Iolanda akuyenera kumauzidwa zotsatira za kupima madziwo nthawi ndi nthawi, m'Chinyanja ndi m'Chitonga, pa wailesi ndi pa zikwangwani za kukhonsolo.